Ulendo wa kwa Mlonyeni, ndi Zimene Tinaona pa Odwala Nthenda ya Khansa

Msewu wochoka ku Lilongwe kulinga kumadzulo uyenda mtunda woposa makilomita 100 usanafike pa boma la Mchinji, ndipo munthu woutsata apita pa Msundwe, pa Namitete, pa Waliranji ndi pa Kamwendo, naona dziko la chidikha, minda ya mtedza ndi ya fodya, ndi zigafa zoima m'mbali mwa midzi. Patsogolo pake mapiri a Mchinji ayamba kuoneka ngati utsi, nakula pang'onopang'ono. Kumeneko ndiko kuchokera mtsinje wa Bua, umene ukathira m'nyanja kutali ku Nkhotakota. Ife tinayenda msewu umenewu m'mwezi wa Okutobala, ndiwo mwezi wa Kolona, pamene dzuwa liswa mtengo, ndipo mitengo ya m'thengo iphuka masamba ofiira mvula isanagwe ndi dontho lomwe.

Dziko la Inkosi Mlonyeni lili kufupi ndi malire a Zambia, ndipo ufumu wake ngwa Angoni. Makolo awo anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835. Pambuyo pake gulu la Mpezeni linakhazikika m'dziko lino pakati pa Achewa ndi Ansenga, kufikira Angerezi analigonjetsa mu 1898. Azungu anamanga malinga awiri, la Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi la Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, nalemba malire pakati pa anthu a mtundu umodzi. Koma malire a pa pepala saletsa chibale. Kufikira lero anthu a kuno aoloka kukaika maliro, kukakwatira, ndi kukaonera Ncwala ku Mtenguleni m'mwezi wa Febuluwale. Ndipo mukamvetsera bwino amayi akucheza pa chitsime mudzamva Chichewa chothiridwa mau a Chinsenga. Ansembe Oyera anafika ku Kachebere mu 1903, ndipo seminale yaikulu inayamba kumeneko mu 1939. Kunabadwanso mishoni za ku Guillemé ndi ku Ludzi, iliyonse ndi chipatala chake. Motero Akristu a kuno si alendo pa chipembedzo, ndiponso si alendo pa chipatala.

Chimene tinayendera ndicho kuperekeza Akristu a m'miphakati pamene akazonda odwala a nthawi yaitali, makamaka iwo amene a chipatala anawauza kuti ali ndi khansa. Tsono m'nyumba zambiri zimene tinalowamo tinapeza chinthu chimodzimodzi. Pa tsindwi kapena pansi pa mtsamiro pali kabuku ka kuchipatala ndi timapepala ta mapiritsi. Kuseri kwa mtsuko kuli botolo la madzi akuda, kapena kamphika ka mizu yonyikidwa. Eni nyumba akamva kuti kukubwera a ku tchalitchi, abisa botolo. Akamapita ku chipatala, abisanso botolo lomwelo, ndipo namwino akafunsa ngati wodwala amwa kanthu kena, ayankha kuti iyayi. Akapita kwa sing'anga, abisa kabuku. Motero munthu mmodzi wodwala asamalidwa ndi anthu atatu osadziwana, ndipo yense wa iwo adziwa gawo lokha la nkhani. Ife tiganiza kuti kubisa kumeneku kupweteka odwala athu koposa mizu yeniyeniyo, ndipo chifukwa chake tinena poyera m'kalata muno zimene ambiri anong'onezana.

Poyamba tinene chimene khansa ili. Thupi la munthu lamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene tibadwa, tigwira ntchito yake, ndi kufa pa nthawi yake. Khansa iyamba pamene tina mwa ito tileka kumvera lamulo limenelo, ndi kuchulukana kosalekeza, kufikira tipanga chotupa kapena chilonda chosapola, ndipo potsiriza tifalikira ku ziwalo zina. Si nthenda yoponyedwa ndi munthu, ndipo simungaitenge pakudyera mbale imodzi ndi wodwala kapena pakumsambitsa. M'dziko lathu zofala ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali pakati pa maiko ovutika nayo koposa pa dziko lonse, ya kummero, imene iyamba ndi kutsamwa nsima, kenaka phala, kenaka ndi madzi omwe, ya pakhungu yotchedwa Kaposi, yobwera kawirikawiri pamodzi ndi kachilombo ka HIV, ya m'mawere, ndi ina ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba.

Pa khomo la nyumba ina, pamene tinakhala pa mphasa kudikira kuti wodwala akonzeke, tinaona timaluwa timene inu nonse mutidziwa, pakuti timera pa mabwalo a tchalitchi, pa sukulu ndi pa manda, osathiriridwa ndi munthu: masamba ake ngobiriwira monyezimira, ndipo duwa lake lili ndi timapiko tisanu, lina loyera, lina lofiirira. Kwawo kwenikweni ndi ku chisumbu cha Madagascar, ndipo Azungu atitcha periwinkle. Anthu a m'maiko ambiri ankawiritsa masamba ake nati achiza matenda a shuga. Akatswiri awiri a ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, anafuna kuyesa ngati mbiri imeneyi njoona. Anapeza kuti pa shuga sathandiza kwenikweni, koma anaona chinthu china chodabwitsa, kuti madzi ake achepetsa tizigawo toyera ta m'magazi a makoswe. Potsata chimenecho, mu 1958 anatulutsamo mankhwala otchedwa vinblastine, ndipo patapita zaka zowerengeka ena anatulutsamo mnzake, vincristine. Mankhwala achiwiriwa ndiwo ena mwa amene ana athu odwala khansa alandira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Taonani tsono: mankhwala a m'chipatala chachikulu anachokera ku kaduwa ka pa khomo, ndipo amene anayamba kuloza kaduwako anali anthu wamba a m'midzi.

Koma pomwepa mpofunika kuchenjera, pakuti wina powerenga izi angathamange kukazula maluwawo. Musatero ayi. Mphamvu ija ili m'masamba pang'ono zedi, kotero kuti pafunika mulu waukulu wa masamba kuti atulutsemo kadontho. Ndipo ikatulutsidwa, aiyeza monga mwa msinkhu ndi kulemera kwa wodwala, naipereka mu mtsempha mokha, mosamala kwambiri, chifukwa ikatayikira pa mnofu iwotcha. Wowiritsa masambawo mu mphika sachiza khansa, koma angathe kudzipweteka. Mtengo ngwa Mulungu, inde. Koma muyeso wake sudziwika pongolawa ndi lilime.

Pa tsiku la msika tinaima pa malo ena a malonda, ndipo pakati pa ogulitsa kaunjika ndi ogulitsa usipa panali mnyamata ndi chimkuzamau, atayala mabotolo pa thumba. Botolo limodzi lomwelo, monga mwa kunena kwake, lichiza shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka ndi khansa ya mtundu uliwonse. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achikulire a kuno akumbukira chaka cha 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Chisupe kukamwa mchape wochiza Edzi. Magalimoto anadzaza, anthu anamwa, koma maliro sanaleke m'midzi kufikira anafika ma ARV. Ndalama zotayika pa mabotolo otere nzowawa ndithu, pakuti tinamva za mbuzi ndi matumba a mtedza amene anapita mwa njira imeneyi. Koma chotayika chachikulu ndi nthawi. Mayi amene ataya magazi pakati pa mwezi, kapena atasiya kale kusamba, kapena pambuyo pa kukhala pamodzi ndi mwamuna wake, akapita msanga ku chipatala, anamwino amuyeza ndi vinega pa khomo la chiberekero, ndipo akapeza poyambira nthenda apathetsa isanakule. Mayi yemweyo akayamba wazungulira miyezi isanu ndi umodzi ndi mizu ya m'chiuno, afika nthenda itazika kale. Ndipo inu makolo dziwani kuti kuyambira mu 2019 boma lipereka katemera kwa ana aakazi oyambira zaka 9, woteteza ku kachilombo koyambitsa khansa imeneyi. Musawaletse ana anu chifukwa cha mphekesera.

Za ana otupa nsagwada tinenepo mwapadera, chifukwa apa masiku enieniwo awerengedwa. Nthendayi itchedwa ndi dzina la Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland amene anailongosola ku Kampala mu 1958, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto m'zipatala za maiko ano, ndi za Nyasaland zomwe, kufunsa kumene ipezeka. Chotupa chake chikula mofulumira kuposa zina zonse, kotero kuti mwana amene sabata latha anangodandaula dzino, sabata lino nkhope yapotoka. Anthu poona changu chotere ati ndi zoponyedwa. Koma chotupa chomwechi ndicho chimvera mankhwala a chipatala msanga, ndipo ana ambiri ofika pa nthawi yake achira nabwerera ku sukulu.

Kodi tsono tinene kuti Mkristu asakhudze mtengo uliwonse? Ife sititero. Buku la Yezu mwana wa Sira, pa mutu 38, liphunzitsa kuti sing'anga ayenera ulemu ndi kuti mankhwala omera m'nthaka ngolengedwa ndi Mulungu; ndipo mfumu Hezekiya itadwala chithupsa, mneneri Yesaya analamula kuti aikepo nkhuyu. Chimene Eklezia aletsa ndicho ula, kuombeza, ndi kufunafuna munthu womunamizira nthenda. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu wodziwa mitengo ndi munthu wogwedeza nsupa. Woyambayo akupatsani khungwa; wachiwiriyo akupatsani dzina la mbale wanu. Tinapeza banja lina limene mlongo wa wodwala sapondanso pa khomo, chifukwa woombeza anamloza iye. Ndipo mlongo ameneyo ndiye anali ndi njinga, ndiye akanamtengera wodwala ku chipatala.

Tinacheza ndi gogo wina wodziwa mitengo, Mkristu wa mumphakati, amene anatitsogolera m'mphepete mwa dambo natilozera muwawani wa khungwa lowawa, mlombwa wa utomoni wonga magazi, mpoza, chitimbe, ndi mvunguti wa zipatso zolendewera. Uliwonse anaunenera ntchito yake monga anaphunzirira kwa amayi ake. Titamfunsa za zotupa zolimba zosapweteka ndi za zilonda zosapola, anapukusa mutu nati, "Ana anga, zimenezo si zanga, ine ndimawauza kuti pitani akakuunikeni, mukabwerako mudzandiuze." Anadandaulanso kuti mitengo yatha ndi zigafa ndi makala, ndipo kuti anyamata ogulitsa makungwa asenda mtengo kuzungulira mpaka uuma, pamene akale ankasenda mbali imodzi yokha. Gogo wotere si mdani wa chipatala. Iye ndiye amene amayi a pamudzi amuululira zobisika asanauze wina aliyense, ndipo mau ake amodzi angathe kufulumiza ulendo umene ulaliki wa miyezi itatu sukanaufulumiza.

Malo enieni a zitsamba pa nthenda imeneyi ali pa kupeputsa mavuto a wodwala, ndipo apa pali zambiri zabwino zimene anamwino omwe avomereza. Ku Salima kuli nyumba yosamalira odwala yotchedwa Ndi Moyo, imene anayambitsa Mayi Lucy Finch, namwino wobadwira m'dziko lino, ndipo inatsegulidwa mu 2007. Kumeneko alima munda wa zitsamba pambali pa chipinda cha mankhwala, napereka zonse ziwiri poyera, chilichonse pa ntchito yake. Nzeru yosamalira odwala osachiritsika inakula kwambiri mu Afrika chifukwa cha Dokotala Anne Merriman, amene pa utsikana wake anali sisitere, ndipo anayambitsa ntchito yotere ku Uganda mu 1993. Kufupi ndi kwathu kuno, chipatala cha Gabriele Woyera ku Namitete, chimene anamanga Asisitere a Karimeli a ku Luxembourg mu 1959, nachonso chadziwika pa ntchito yosamalira odwala otere pamodzi ndi mabanja awo.

Zimene osamalira odwala aphunzitsa nzapafupi. Chilonda chonunkha chitsukidwe ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. Mnofu wa mapapaya osapsa uthandiza kuchotsa zoola za pa chilonda, ndipo uchi weniweni uchisunga chaukhondo. Fungo likakula, namwino apereka mapiritsi a Flagyl kuti asinjidwe ndi kuwazidwa pamenepo, ndipo nyumba imene anthu ankaithawa ilowekanso. Jinja wa m'madzi otentha achepetsa mseru. Masamba a chammwamba osinja, othiridwa m'phala pamodzi ndi nsinjiro, apatsa mphamvu munthu amene sangathe kumeza nsima. M'kamwa mukachita zilonda, achukuche ndi madzi a mchere. Zonsezi sizichotsa khansa, ndipo amene angakuuzeni kuti chammwamba chiichotsa akunamizani. Koma wodwala amene wadya, wagona, ndipo sachita manyazi ndi fungo, ali ndi masiku osiyana kutali ndi a mnzake wosiyidwa yekha m'nyumba yamdima.

Ululu waukulu wa khansa suletseka ndi mizu ya kwathu, ngakhale ndi Panado. Uletseka ndi mofini wa madzi, amene aperekedwa m'zipatala za boma ndi m'zipatala zina za mishoni kumene kuli anamwino ophunzira ntchitoyi. Anthu ambiri amuopa, nati ndi mankhwala otsirizira munthu. Si zoona. Womwa pa muyeso wake ndi pa nthawi yake sakomoka kapena kupenga. Akhala tsonga, acheza ndi ana ake, apemphera, ndipo ena abwerera ndi ku dimba komwe. Ndipo nayenso, ngati mufuna kudziwa, achokera ku utomoni wa duwa lina lomera ku maiko a kummawa. Vuto lake ndi kudzimbidwa, ndipo pamenepa mapapaya akupsa, ndiwo zamasamba ndi madzi ambiri zithandizana ndi mapiritsi ofewetsa m'mimba.

Nthawi yoopsa koposa yosakaniza mwachinsinsi ndi pamene munthu akulandira mankhwala amphamvu a mu mtsempha. Mankhwala amenewo asefedwa ndi chiwindi ndi impso, ndipo mizu yambiri yowawa idutsa momwemo. Ziwalozi zikalemedwa kawiri zifooka, ndipo dokotala poona magazi asokonezeka aimitsa mankhwala, osadziwa kuti chosokoneza chili kuseri kwa mtsuko. Zakumwa zotsegula m'mimba ndi zosanzitsa, zimene ena ati zitulutsa nthenda, zitulutsa madzi ndi mphamvu za munthu wofooka kale. Mphini ndizo zoipitsitsa: pa masiku amenewo asilikali a m'thupi achepa, magazi sagwirana msanga, ndipo kabala kakang'ono ka lumo pa chotupa kangathe kusanduka chilonda chotenga moyo. Njira yake njapafupi, ngakhale ifuna kulimba mtima: tengani botolo kapena muzu womwewo, muuonetse kwa namwino, muti, "Amayi, kunyumba tikumwetsanso izi." Safunsa anadya phula. Ndipo kwa inu a chipatala amene muwerenga kalata ino tipempha kuti munthu akaulula chotere musamkalipire pamaso pa anthu, pakuti wokalipiridwa kamodzi saululanso.

Popeza kuno ndi kwa alimi a mtedza, tisaiwale chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zosauma bwino, kapena mtedza ukawazidwa madzi kuti usavute kuswa, zimera nkhungu imene poizoni wake satha ndi moto, ndipo wodyedwa zaka zambiri aononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Chomvetsa chisoni nchakuti mtedza wabwino upita ku msika, ndipo wofota ndi wowawa ndiwo utsala wa nsinjiro za ana ndi za odwala.

Ulendo wa ku Lilongwe ndiwo mtolo umene mabanja anatidandaulira koposa. Kale ofuna kuwotchedwa chotupa ndi makina ankayenera kutuluka m'dziko. A kuno ena ankayang'ana ku Lusaka, kumene chipatala cha khansa chinatsegulidwa mu 2007. Mu 2024 makina otere anayamba kugwira ntchito pa chipatala china cha eni ake ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma linatsegula chipatala cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Komabe munthu wa m'mudzi ayenera kulipira kabaza kufika pa msewu, minibasi kufika mu mzinda, ndi chakudya cha womdikirira, osati kamodzi kokha koma mobwerezabwereza. Ndipo ambiri aleka pakati, osati chifukwa chokonda mizu, koma chifukwa mizu ili pafupi ndipo mwini wake alandira nkhuku. Apa ndipo pali ntchito ya miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe anaikhazikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 kuti Akristu asenzane mitolo. Mphakati wina tinaupeza utalemba m'kope masiku onse amene wodwala wawo ayenera kukaonekera, ndipo Lamulungu lililonse asonkha kangachepe ka ulendo wotsatira. Amuna anamlimira munda, amayi agawana masiku otunga madzi ndi ochapa. Anaitananso wansembe wodwalayo akali ndi mphamvu zolankhula, pakuti anamvetsa kuti Sakramenti la Kudzoza Odwala ndi la odwala, si la okomoka okha.

Nyumba yotsiriza imene tinalowa inali ya mayi wa zaka zapakati, amene madokotala anamuuza kuti nthenda yapitirira pochiritsika. Tinampeza pa khonde atatsamira chipupa, akusankha mtedza wa mbewu m'lichero. Mwana wake wamkazi anatulutsa zonse naziika pa mphasa osabisa kanthu: kabuku, botolo la mofini ndi kachubu koyezera, kachitini ka ufa wa chammwamba, ndi jinja wokulunga m'pepala. Muzu umodzi umene amalume ake anabwera nawo kuchokera kutsidya kwa malire anakauonetsa kwa namwino, ndipo atauzidwa kuti auleke, anauleka. Tili pakati pa Kolona foni ya mtsikanayo inalira, pakuti anaitchera kuti izilira pa maola 4 alionse. Anadzuka, nayeza mankhwala, namwetsa amayi ake, ndipo titamdikira kuti akhalenso pansi tinapitiriza chinsinsi chachinayi.